Dar es Salaam si Kariakoo yokha



Kuno kwathu munthu akati "ndikupita ku Dar," sitifunsanso kuti akukatani. Timadziwa kale kuti wanyamula zikwama zopanda kanthu, ndalama wamangirira m'chiuno, ndipo ikatha sabata abwera ndi zitenje, nsapato, mahijabu, mafoni ndi ziwiya za kukhitchini. Ena amapita kukatenga galimoto imene yafika kuchokera ku Japan. M'maganizo mwa ambiri a ife, mzinda wonse wa Dar es Salaam ndi sitolo imodzi yaikulu yotchedwa Kariakoo, ndipo mbali yathu ndi kukagulamo basi. Ine ndikuona kuti kaonedwe kameneka kakutidyera ndalama. Chuma cha mzindawu chimapangidwa padoko ndi m'mafakitale, ndipo Kariakoo ndi pothera pake. Munthu amene amangodziwa potherapo amalipira aliyense amene wagwira katunduyo asanafike kwa iye, mwini wake n'kutsala ndi nyenyeswa.

Tiyambe ndi kukula kwa mzindawu. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti mu Dar es Salaam muli anthu pafupifupi 5.4 miliyoni. Mutaphatikiza anthu a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba malinga ndi kalembera wathu wa mu 2018, simufika ngakhale theka la chiwerengero chimenechi. Nanga chinasonkhanitsa khamu lonseli pamalo amodzi n'chiyani?

Yankho lake lili m'mbiri. M'zaka za m'ma 1860, Sultan Majid bin Said wa ku Zanzibar anayamba kumanga mzinda pafupi ndi mudzi wa asodzi wotchedwa Mzizima. Pamalopa nyanja imalowa mkati mwa mtunda, moti zombo zimakocheza popanda kuvutitsidwa ndi mafunde. Dzina la Chiarabu limene mzindawo unapatsidwa ophunzira athu sangalisowe tanthauzo, ndi nyumba ya mtendere. Majid atamwalira mu 1870 ntchitoyo inazilala, mpaka Ajeremani anadzasamutsirako likulu lawo mu 1891 kuchoka ku Bagamoyo, kumene madzi ake ndi osaya moti sitima zikuluzikulu zinkalephera kufika kugombe. Mu 1905 anayamba kuyala njanji yolowera kumtunda, ndipo mu 1914 inafika ku Kigoma, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Doko ndi njira yolowera mkati mwa Africa ndizo zinabereka mzindawu.

Amene akukayika aone izi. Mu 1973 Tanzania inagamula kuti likulu la dziko likhale Dodoma, ndipo m'nthawi ya Pulezidenti John Magufuli maunduna anasamukadi. Koma mabanki, mafakitale ndi amalonda sanatsatire. Nduna ikhoza kunyamula mafayilo kupita nawo ku Dodoma, koma nyanja siingainyamule. Mzinda umene umadalira maofesi a boma ukanafota. Dar es Salaam ukungokulabe.

Padoko limeneli pamadutsa katundu woposa magawo 90 pa 100 alionse a katundu amene Tanzania imagula kapena kugulitsa kunja kudzera panyanja. Pamwamba pa apo, dokoli limadyetsa mayiko amene alibe nyanja kapena ali nayo kutali: Zambia, Malawi, Rwanda, Burundi, Uganda ndi zigawo za kum'mawa ndi kummwera kwa DR Congo. Mkuwa wa ku Zambia ndi ku Congo umatulukira pomwepo. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, yakhala ikupopa mafuta kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Ndola kuyambira mu 1968. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975 ndipo imakathera ku Kapiri Mposhi. Ife Amalawi tinatembenukira kwambiri kumpoto m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala. N'chifukwa chake kunakhazikitsidwa malo osungira katundu wa Malawi, a Malawi Cargo Centres, ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Mpaka lero gawo lina la mafuta amene timawaimira pamzere limayenda pamathanki ulendo wa makilomita oposa 1,500 kuchoka padokoli kufika ku Lilongwe.

Kuti timvetse mmene doko limapangira ndalama, titsatire galimoto imodzi yogulidwa ku Japan ndi munthu wa ku Mangochi. Ikatsika m'sitima, oyendetsa doko amalandira yawo. Wokonza mapepala a kasitomu amalandira yake. Mapepala akachedwa, mwini malo oimikapo magalimoto amawerenga masiku n'kulipiritsa. Wa inshuwalansi ali pomwepo, wopereka nambala ya IT ali pomwepo. Dalaivala akauyamba ulendo, amathira mafuta ku Morogoro, amadya ku Iringa, amagona ku Mbeya. Galimotoyo isanaone n'komwe ofesi ya MRA pa Songwe, yadyetsa kale mabanja angapo a ku Tanzania. Tsopano chulukitsani zimenezi ndi magalimoto, makontena ndi mathanki onse amene amatuluka padokoli tsiku lililonse. Mwini chipata safunika kukhala mwini katundu kuti alemere.

N'chifukwa chake makampani akuluakulu a kunja amalimbirana dokoli. Mu 2023 boma la Tanzania linapangana ndi kampani ya DP World ya ku Dubai kuti iyendetse mbali ina ya dokoli kwa zaka 30, ndipo nkhaniyi inautsa mtsutso waukulu m'dzikomo, ena akudandaula kuti chuma cha dziko chikuperekedwa kwa alendo. Mu 2024 kampani ya Adani ya ku India nayo inatenga mbali yotsitsira makontena. Anthu sakanganirana chinthu chopanda phindu.

Komabe doko palokha likanangopanga mzinda wa onyamula katundu wa eni. Chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi ndi chimene anthu a mumzindawu anachita ndi mwayi wokhala pachipata. Mukayenda mumsewu wa Nyerere wopita kubwalo la ndege, kapena m'madera a Chang'ombe, Ubungo ndi Mikocheni, mupeza mafakitale ogaya tirigu, oyenga mafuta ophikira, opanga sopo, zakumwa, mapulasitiki, malata ndi zitsulo zomangira. Kumpoto kwa mzinda, ku Wazo Hill, kuli fakitale ya simenti ya Twiga. Nzeru yake ndi yosavuta kuimva. Tirigu ndi mafuta osayenga zimafika pasitima zambirimbiri pamtengo wotsika, fakitale ili pafupi ndi doko, ndipo chotuluka m'fakitalemo chimakwera lole yomweyo imene ikupita ku Mbeya, ku Lubumbashi kapena ku Karonga.

Fakitale imafuna moto wodalirika. Kuyambira mu 2004 gasi wochokera pachilumba cha Songo Songo wakhala akufika mumzindawu pa paipi, kuyendetsa makina opangira magetsi ku Ubungo ndi ng'anjo za simenti ku Wazo Hill. Mu 2015 paipi ina yochokera ku Mtwara inayamba kudyetsa makina a magetsi a ku Kinyerezi. Ndalama nazo zili ndi nyumba zake mumzinda momwemu: malikulu a mabanki a CRDB ndi NMB, msika wa masheya umene unayamba malonda mu 1998, ndi Amana Bank, banki yoyendetsedwa mwa Chisilamu imene inatsegulidwa mu 2011. Mu 2024 sitima ya magetsi inayamba kuyenda panjanji yatsopano kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Morogoro ndi Dodoma. Doko, moto, ndalama ndi njira zikakumana pamodzi, mafakitale amamera.

Mbiri ya mabanja awiri odziwika mumzindawu ikuonetsa bwino kumene phindu limakhala. Said Salim Bakhresa anabadwira ku Zanzibar ndipo anayamba ndi malonda ang'onoang'ono. M'zaka za m'ma 1970 anali ndi lesitilanti mu Dar es Salaam. Kuchoka pa kugulitsa chakudya anapita pa kuphika buledi ndi kupanga ayisikirimu, kenako pa kugaya tirigu. Lero dzina la Azam lili pa ufa, pa zakumwa, pa maboti opita ku Zanzibar, pa timu ya mpira ndi pa TV imene ambiri tili nayo m'nyumba. Banja la Dewji linayamba ndi kuitanitsa katundu kunja n'kumagulitsa, ngati mmene amachitira amalonda athu. Mwana wawo Mohammed Dewji atabwerako kusukulu ku America, kampani yawo ya MeTL inayamba kugula mafakitale amene anali kugwa, a nsalu, a sopo ndi a mafuta ophikira, n'kuwadzutsa. Onse awiri anayambira pa kugula ndi kugulitsa, ndipo onse awiri anakula pamene anayamba kupanga okha chimene ankagulitsa.

Tsopano tibwerere ku Kariakoo. Dzinali linachokera ku mawu a Chingerezi akuti Carrier Corps, gulu la amtengatenga amene ankasenza katundu wa asilikali a Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo msasa wawo unali pamalo amenewa. Agogo athu ambiri anaidziwa ntchito ya mtengatenga pa nkhondo yomweyo. Lero Kariakoo ndi msika umene amaodako anthu ochokera ku Congo, Zambia, Malawi, Burundi ngakhale ku Comoros. Katundu wambiri wa m'masitolo mwake ndi wochokera ku China, Dubai, India ndi Turkey, wina ndi wa m'mafakitale a mumzinda momwemo. Mayi wa ku Balaka akamagula mabelo awiri a zitenje, mumtengomo muli kale phindu la fakitale, la mwini sitima, la doko, la woitanitsa ndi la mwini sitolo. Iye awonjezerepo basi yopita ndi yobwera, malo ogona, wonyamula katundu, wosintha ndalama pa Songwe ndi msonkho. Akafika kwawo apeza anzake asanu abweretsa chitenje chomwecho, ndipo mtengo ayenera kutsitsa.

Njira imeneyi ikunka ichepa. Mu November 2023 kwacha itagwa, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki, ndipo amene anasunga mpamba wake m'makwacha anadzuka m'mawa n'kupeza kuti wachepa asanagule kanthu. Mu March 2025 boma lathu linaletsa katundu wina wochokera kunja, ndipo mu April Tanzania inabwezera poletsa mbewu za ku Malawi. Chiletso cha Tanzania chinatha patangopita masiku ochepa, koma amene anali ndi katundu wowola pachipata masikuwo anamva kuwawa kwake. Mu July 2025 boma la Tanzania linaletsa anthu a kunja kuchita mitundu 15 ya mabizinesi ang'onoang'ono, kuphatikizapo masitolo wamba, kukonza mafoni ndi masaluni. Mnyamata amene akulota zokatsegula kashopu ku Dar adziwe kuti chitseko chimenecho chatsekedwa ndi lamulo.

Ndikudziwa chimene ena a inu makolo mukunena mumtima, ndipo n'choona. Maulendo a ku Dar amanga nyumba za malata, alipira fizi ya ana ambiri amene akuwerenga nkhaniyi, ndipo atulutsa amayi amasiye m'manja mwa umphawi. Malonda ndi ntchito yolemekezeka, ndipo sindikuuza munthu kuti asiye mawa. Makolo athu Achiyao ankayenda mpaka ku Kilwa kale Dar es Salaam isanamangidwe, choncho njira ya kugombe siinayambe ndi ife. Chimene ndikukana ndi kuyesa kuoda ngati pofikira. Bambo wayenda ulendowu zaka 15, mwana wake akuuyamba, ndipo banjalo likadali pamalo omwewo mumzere, kumapeto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, inde, koma phindu la lero lisatilepheretse kufunsa kuti zaka 10 zikubwerazi tidzakhala tikunyamulabe zikwama kapena ayi.

Ena adzati, Dar ili ndi nyanja, ife tilibe, ndiye tikuyerekeza chiyani? Nyanja sitingaisamutse, koma si fakitale iliyonse imene imafuna nyanja. Kampani ya Bakhresa yomweyo ili ndi chigayo chachikulu cha tirigu ku Blantyre, kumene kulibe doko. Iwo anaona msika mwa ife pamene ife tinkaona msika mwa iwo okha. Fakitale imamangidwa pafupi ndi doko ngati zipangizo zake zimachokera kunja, koma imamangidwa pafupi ndi munda ngati zipangizo zake zimalimidwa. Mpunga wa Kilombero uli ku Karonga. Soya, mtedza ndi mpendadzuwa zili m'chigawo chapakati. Nandolo ali kummwera, mango amawolera pansi ku Salima ndi ku Mangochi chaka chilichonse. Zambiri mwa izi zimatuluka m'dziko muno m'matumba, zosakhudzidwa ndi makina, ndipo ife timatenga ndalama zakunja zimene tikusowazo kukagula mafuta ophikira, sopo ndi juwisi wa m'botolo.

Sindikufuna kuti muganize kuti mzindawu ndi munda wa maluwa. Walira mvula walira matope. Anthu ambiri a mu Dar es Salaam sagwira ntchito padoko kapena m'fakitale. Amayendetsa njinga zamoto za bodaboda ndi ma bajaji, amaitanira ma daladala, amagulitsa nsomba pamsika wa Kivukoni, kapena ndi mavenda a m'misewu, amene kumeneko amatchedwa wamachinga. Mu 2021 boma linawachotsa mavendawa m'misewu ikuluikulu. Chaka chomwecho msika waukulu wa Kariakoo unapsa ndi moto. Mu May 2023 eni masitolo a ku Kariakoo anatseka zitseko podandaula za misonkho, ndipo mu November 2024 nyumba yosanja inagwa m'dera lomwelo n'kupha anthu oposa 20. Mvula ikagwa yambiri, chigwa cha Msimbazi chimasefukira, madzi n'kulowa m'nyumba za anthu osauka a ku Jangwani. Ngakhale mabasi achangu a mwendokasi anayamba mu 2016, anthu amatherabe maola pamsewu. Mavuto amenewa amagwera kwambiri wogulitsa wamng'ono, yemwe alibe luso lina loti athawireko.

Mafakitale nawonso amafa. Ku Ubungo kuli fakitale ya nsalu ya Urafiki, imene inamangidwa ndi thandizo la China m'zaka za m'ma 1960 ndipo inalemba anthu zikwizikwi, koma inadzafooka chifukwa cha makina okalamba, kayendetsedwe kofooka ndi mpikisano wa nsalu zotchipa ndi kaunjika. Akuluakulu amene mukukumbukira David Whitehead ya ku Blantyre pa nthawi ya mphamvu zake mukuidziwa nkhani yotereyi. Kupanga zinthu kumafuna mabuku a ndalama olongosoka, makina osamalidwa ndi katundu amene wogula angamukhulupirire. Kuno kwathu kukuwonjezerapo kuzimazima kwa magetsi ndi chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. N'zovuta, koma ndi zovuta zimene munthu akazigonjetsa amakhala ndi chake chimene kugwa kwa kwacha kapena kutsekedwa kwa chipata sikungachichotse tsiku limodzi.

Choncho kwa inu makolo amene mumayenda ulendowu, pempho langa ndi ili. Ulendo wotsatira, patulani tsiku limodzi musakagule kanthu. Kayendeni mumsewu wa Nyerere, kaoneni kumene amagulitsa makina ang'onoang'ono oyengera mafuta, opunthira mpunga, otsekera mapaketi ndi osokera. Funsani mitengo, funsani za zipangizo zosinthira zikawonongeka. Mutu umodzi susenza denga: amalonda atatu kapena anayi amene amakwera basi imodzi mwezi uliwonse akhoza kuphatikiza phindu la maulendo angapo n'kugula makina amodzi. Hijabu ndi yunifolomu ya sukulu sizifunika kuwoloka Songwe zitasokedwa kale. Mpunga wopetedwa bwino, woikidwa m'paketi ya dzina lanu, ukhoza kukwera basi yomweyo imene mumakwera ndi zikwama zopanda kanthu.

Kwa inu akuluakulu a komiti, mukamathandiza mnyamata kapena mayi wamasiye ndi mpamba, muzifunsanso ngati pali chimene angapange ndi manja ake. Mpamba wa kuoda umatha ndi ulendo umodzi woipa. Makina osokera ndi luso lowagwiritsa ntchito zimakhalapobe mwezi wotsatira.

Ndipo kwa inu ophunzira, mapu a East Africa amene mumajambula m'kalasi ya Geography ndi mapu a kumene ndalama ya makolo anu imapita. Yang'anani mzere wonse kuyambira pasitima kufika pa shelefu ya golosale ya kwanu, ndipo muwerenge anthu amene ali mmenemo: woyendetsa makina onyamula makontena, wowerengera ndalama, wokonza mapepala a kasitomu, makaniko wa mathiraki, wa magetsi a m'fakitale, woyeza ubwino wa ufa ndi mafuta m'labotale. Ntchito zimenezi zilipo pa Songwe, ku Kanengo, ku Limbe ndi ku Liwonde, ndipo onse amene amazigwira amalipidwa kaya katunduyo akagulitsidwa mopindula kaya moluza. Phunziraninso Chiswahili ngati mwayi ulipo, chifukwa wodziwa chilankhulo cha mnzake pamalonda sabereka mtengo wa mlendo.

Dar es Salaam idzakhalabe chipata chathu, ndipo tidzapitirira kukagulako zimene sitingathe kupanga. Koma pa zinthu 10 zimene zili m'chikwama chochokera ku Kariakoo, tiyeni tikhale pansi tiwerenge kuti ndi zingati zimene zikanatha kusokedwa, kuyengedwa kapena kupakidwa kuno kwathu. Chimodzi mwa izo chikhale choyambira.